Kumwamba kukalunda, Mngerezi amati chiyani?

Abale anga, lero ndiyamba ndi kuulula tchimo langa. Ine amene anthu a m'dera lathu amandipatsa ulemu kuti Chingerezi ndimachitha, amene ndimalembera anzanga makalata ofunsira ntchito ndi kuwawerengera mapepala a ngongole, ndidanamiza mwana wa mlongo wanga, mwanayo n'kukachita manyazi m'kalasi kamba ka ine. Nkhani yake ndi ya liwu limodzi lokha la Chizungu, la malemba 8 basi, koma zimene landiphunzitsa ndaona kuti n'kulakwa kudya ndekha.

Lidali Loweruka masana kumayambiriro kwa mwezi wa Disembala. Tidali pakhonde, kunja kukutentha kochititsa thukuta, mphepo itaima, ndipo cha kuphiri la Ndirande mitambo idali itada bii. Mphwangayo, yemwe ali Fomu 4, amawerenga kabuku kakale ka nthano komwe adagula kwa anyamata ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu mu Limbe. Mwadzidzidzi adadzutsa mutu.

"Amalume, apa alemba kuti 'lowering sky'. Ndiye kuti chiyani?"

Ine osaganiza n'komwe. "Iwe, zophweka zimenezo. 'Low' ndi pansi, 'lower' ndi kutsitsa, monga muja amatsitsira mtengo wa shuga. Ndiye kuti thambo likutsika, mitambo yayandikira pansi." Potchula liwulo ndidayamba ndi "lo" ngati uja wa kulowa m'nyumba, uku nditatukumula chifuwa.

Nthawi yomweyo mayi anga, agogo ake a mnyamatayo, omwe sukulu adalekera Sitandade 2, adatuluka m'nyumba, kuyang'ana kumwamba, n'kukuwa: "Ana inu, anulani ufawo msanga! Kodi simukuona kuti kunjaku kwalunda?" Tonse tidathamangira mphasa ya ufa. Sindidadziwe kuti mayiwo ayankha bwino lomwe funso limene ine mwini masatifiketi ndidali nditangolakwa kumene.

Lachitatu lotsatira mphwangayo adabwera kuchokera kusukulu nkhope ili ndwii, ngakhale moni osapereka. Nditamufunsitsa adandiuza kuti pa phunziro la Chingerezi adakweza mkono kuti aonetse liwu lake latsopano, ndipo adalitchula ndi kulimasulira monga momwe amalume ake adamuuzira. Aphunzitsi adamukonza pamaso pa kalasi yonse. Ati liwulo limayamba ndi "la" ngati uja wa kulawa ndiwo, ndipo silikhudzana ndi kutsika. Anzake adaseka chikhakhali, moti mpaka lero ena amamutchula kuti "a Lowani". Poyamba ndidafuna kulimbalimba kuti aphunzitsiwo ndiwo asokoneza. Koma usiku umenewo ndidafumbula dikishonale yanga yomwe idali itachita fumbi pamwamba pa kabati, ndipo ndidagona wamanyazi.

Zoona zake ndi izi. M'Chingerezi muli mawu awiri osiyana omwe amavala malaya amodzi. Loyamba ndi "lower" limene tonse timalidziwa, lotanthauza kutsitsa, ndipo potchula limamveka ngati "slower". Lachiwiri ndi "lower" lina lomwe limamveka ngati "flower", "power" kapena "hour". Ku Britain ambiri amalilemba kuti "lour", ndiye mukaona "louring sky" dziwani kuti ndi lomweli. Tanthauzo lake loyambirira ndi kulunda, kuchita tsinya, kuyang'ana munthu ndi nkhope yoti pano pachitika zina. Tsono Mngerezi akati "lowering sky" akunena thambo lolunda, lakuda moopseza, loti aliyense woliona adziwa kuti chimvula chamkuntho chili pafupi. Mdima wa usiku sautchula choncho, ngakhalenso mitambo yamba yophimba dzuwa. Liwuli limafuna kuti pakhale chiopsezo, ngati bambo amene wakhala chete pampando atamva kuti mwana waswa galasi la anansi. Sadamenye munthu, sadalankhule, koma nyumba yonse ikuyenda monyang'ama.

Nanga lidachokera kuti? Madikishonale ofotokoza mbiri ya mawu amati lidayamba kuoneka m'zolembedwa za ku England m'zaka za m'ma 1200, ndipo nthawi imeneyo amalilemba kuti "louren" kapena "luren". Linkanena za nkhope ya munthu. Za mitambo zidabwera pambuyo, anthu ataona kuti kumwamba nako kumachita ngati munthu wokwiya. Abale ake a liwuli akadalipo kutsidya kwa nyanja ya North Sea. Ajeremani ali ndi "lauern", kutanthauza kubisalira, monga achitira mphaka podikira khoswe. Adatchi ali ndi "loeren", kuyang'ana mobisa, ndipo m'Chiafrikaans, chomwe chidachokera ku Chidatchi, muli "loer", kusuzumira. Abale athu amene amapita ku Joni kukapikula katundu mwina adalimvapo limeneli. Akatswiri ambiri amatinso liwu lija loti "lurk", kubisala ndi zolinga zoipa, ndi mphukira ya tsinde lomweli. Mukawaika pamodzi onsewa muona kuti nkhani yake ndi imodzi: diso loyang'anira pansi pa zikope, lodikira nthawi yake. Ndiye thambo la "lowering" ndi thambo limene lakubisalira iwe ndi ufa wako uli pamphasawo.

"Lower" wa kutsitsa uja ndi wa fuko lina. Adabadwa kuchokera ku "low", ndipo "low" Angerezi adachita kubwereka kwa anthu a ku Scandinavia, aja otchedwa ma Viking, omwe m'chilankhulo chawo ankati "lágr" ponena chinthu chachifupi kapena chapansi. Monga mneni wotanthauza kutsitsa, "lower" adayamba kuoneka cha m'ma 1600. Apa ndiye kuti "lower" wa kulunda ndi wamkulu kwa mnzakeyo ndi zaka zoposa 300. Ine pakhonde paja ndidatenga dzina la gogo n'kupatsa mdzukulu wa kwa eni.

Mwina mukufunsa kuti nanga Angereziwo, ndi nzeru zawo zonse, adalekereranji mawu awiri osiyana kuti azilembedwa chimodzimodzi? Yankho ndi loti palibe adakhala pansi kukonza kalembedwe ka Chingerezi. Zidangochitika ngati momwe umakulira msika wopanda mwini, aliyense kukhoma benchi pomwe wafuna. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adalanda dziko la England, ndipo alembi ozolowera Chifalansa adayamba kulemba liwu lomveka "u" ndi malemba awiri, "ou". Nyumba yomwe inkalembedwa "hus" idasanduka "hous". Kenaka pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 katchulidwe ka Angerezi kadasintha pang'onopang'ono, "u" wamtali uja n'kuyamba kumveka "au". N'chifukwa chake lero timati "house" ndi "mouse" momwe timatchuliramu, ndipo "luren" naye adatsata njira yomweyo. Chonsecho makina osindikizira mabuku adali atafika kale, poti William Caxton adatsegula ake ku Westminster mu 1476, ndiye kalembedwe kadayamba kuuma pomwe katchulidwe kadali kakuyendabe. Powonjezera chisokonezo, alembi ankasinthanitsa "ou" ndi "ow" mmene afunira. Wina alemba "lour", wina "lowr", wina "lower". Mapeto ake "lower" wa kulunda adakagundana mutu ndi "lower" wa kutsitsa.

Amayi a mandasi ndi zitumbuwa, nachi chitsanzo chanu. Fulawa amene mumagula pa thumba uja Angerezi amalemba "flour", pomwe duwa amalemba "flower". Kalekale lidali liwu limodzi lochokera ku Chifalansa, chifukwa ufa wosalala bwino ankautenga ngati duwa la tirigu, ndiye kuti mbali yake yabwino koposa. Ngakhale Samuel Johnson, m'dikishonale yake yotchuka ya mu 1755, matanthauzo onse awiri adawaika pansi pa "flower". Apa liwu limodzi lidagawikana n'kukhala awiri. Kwa "lower" zidachitika mosemphana, awiri adalowa m'malaya amodzi.

Mboni zoti liwu lathuli ndi la kulunda zilipo, ndipo si mboni wamba. William Shakespeare, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 1564 mpaka 1616, adaligwiritsa ntchito ponena za mitambo m'mizere yoyambirira ya sewero la Richard III. Lilimonso mu Romeo and Juliet, pomwe wansembe uja akuchenjeza makolo a Juliet kuti kumwamba kwawakwiyira. Masewero awiriwa adasindikizidwa koyamba mu 1597. Mwana wasukulu amene angawerenge pamenepo n'kumaganiza za mitambo yotsika wataya nkhani yonse, poti mlembiyo akunena za mkwiyo ndi tsoka lomwe likubwera.

Mboni ina ndi Baibulo lachingerezi la King James la mu 1611, lomwe pa Mateyu 16:3 lidagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za thambo la m'mawa lolosera nyengo yoipa. Chidandidabwitsa ndi ichi: liwu la Chigiriki limene omasulirawo adalipeza pamenepo, "stugnazo", limapezeka malo awiri okha m'Chipangano Chatsopano. Malo achiwiriwo ndi Maliko 10:22, pomwe likufotokoza nkhope ya munthu wachuma uja atauzidwa kuti akagulitse zonse ali nazo. Liwu limodzi, kwina thambo, kwina nkhope. Ndiye kuti Mgiriki wa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, Mngerezi wa nthawi ya Shakespeare ndi mayi anga a Sitandade 2 adayang'ana kumwamba n'kuona chinthu chimodzi.

Ngakhale "gloomy", lomwe ana asukulu amalikonda polemba chimangirizo, lidayenda njira yomweyo. M'zaka za m'ma 1300 mneni wake, "gloumen", ankatanthauza kuoneka wosakondwa, kuchita msunamo. Tanthauzo la mdima lidadza mochedwa. Liwu loti "glum", lonena munthu wokhumata, ndi m'bale wake.

Tsono musasokoneze ndi "overcast", lomwe timalimva pa zanyengo. Limeneli ndi mawu awiri olumikiza, "over" ndi "cast". "Cast" ndi kuponya, ndipo nalonso lidachokera kwa ma Viking, omwe ankati "kasta". Chithunzi chake ndi cha chinthu choponyedwa pamwamba pa chinzake, ngati bulangete pa bedi. Matelala ena amalidziwa, poti ndi dzinanso la kasokedwe kozunguliza ulusi m'mphepete mwa nsalu kuti isasosoke. Akatswiri a zanyengo amagawa thambo m'magawo 8 omwe amawatcha ma okta. Kukakhala kopanda mtambo ndi 0, ndipo magawo onse 8 akaphimbidwa ndiye amati "overcast". Ndi liwu loyezera basi, lopanda mkwiyo. Kunja kutha kukhala "overcast" tsiku lonse mu Julaye, mvula osagwa, inu n'kugulitsa malonda anu bwinobwino. Koma kukakhala "lowering", mwini kaunjika ayambe kulongedza.

Ndidapitiriza kufukula, ndipo ndidapeza kuti ngakhale "sky" weniweniyo ndi mlendo ku England. Ma Viking ochokera ku Denmark ndi Norway adayamba kuthira nkhondo dzikolo cha m'ma 793, pomwe adaononga nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne, ndipo mu 866 adalanda mzinda wa York. Ambiri adakhazikika, kukwatira konko, n'kusiya mawu awo m'kamwa mwa eni dziko: "egg", "window", "take", ngakhale "they". M'chilankhulo chawo "ský" udali mtambo, ndipo mpaka lero ku Denmark ndi ku Norway "sky" ndi mtambo. Angerezi akale thambo ankalitcha "heofon", lomwe lero ndi "heaven". Nanga "cloud"? M'Chingerezi chakale "clud" lidali thanthwe kapena phiri. Cha m'ma 1300 anthu adayamba kutchula mitambo ndi dzina limeneli, poona momwe imaunjikirana. Amene adaonapo mitambo ya dzinja itasanjikizana ngati phiri la Mulanje sangadabwe. Ndiye taonani chilankhulo chomwe timachiopa chija: liwu la phiri lidasanduka mtambo, la mtambo lidasanduka thambo, la nkhope yolunda lidasanduka nyengo.

Apa ndipo pali mfundo yanga. Ambirife tidaphunzira Chingerezi ngati chinthu chogwa kumwamba chili chokonzakonza, choti ntchito yathu n'kuloweza basi. Tidaloweza "gloomy, dull, overcast, murky" pa mzere umodzi ngati mayina a madisitirikiti, osafunsa kuti kodi amasiyana pati, nanga adachokera kuti. Kusukulu kwathu ukapezeka ukulankhula Chichewa unkalandira chibalo chokatchetcha udzu, ndiye tidakula ndi maganizo oti chilankhulo cha amayi athu ndi chopinga pa njira ya ku Chizungu. Koma taonani zomwe zidachitika pakhonde paja. Ine ndidayang'ana malemba, ndidawerengetsa ngati samu, n'kulakwa. Mayi anga adayang'ana kumwamba, n'kutchula liwu lomwe likugwirizana ndendende ndi lachingerezilo, ndi chithunzi chake chomwe. Mphwanga akadauzidwa kuti "lowering" ndi "kulunda", sakadaiwala mpaka kukalamba, chifukwa nkhope yolunda amaidziwa, waionapo kwa amayi ake kangapo konse. Mwana amene Chichewa chake n'chozama ali ndi pokoleka mawu achilendo. Amene tamulanda Chichewa n'kumupatsa mndandanda woloweza, tamusiya alibe poponda.

Ifenso mawu athu a zanyengo ali ndi mbiri yake, kungoti sitifunsa. Anthu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amadziwa chiperoni, kamvula kozizira kamawawa kaja kobwera ndi nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Ndi angati amadziwa kuti dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone, lomwe lili m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali yomwe mphepoyo imachokera? Chizimalupsa ndiye chimadzifotokoza chokha, mvula yoyamba yozima malupsa. Ndipo monga Angerezi adabwereka "sky" kwa ma Viking, ifenso nsapato, kalata ndi mbatata tidabwereka kwa Apwitikizi, lero palibe amaziyesa zachilendo. Chilankhulo chilichonse chimapangidwa ndi alimi, asodzi, amalonda ndi ankhondo, anthu onga ife tomwe. Ukadziwa zimenezi mantha amachepa, ndipo munthu wopanda mantha ndiye amafunsa.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Akulu inu, nanga si Angerezi enieniwo ambiri amalakwitsanso liwu limeneli?" N'zoona. Ambiri ku Britain ndi ku America akaliona amalitchula ngati la kutsitsa, ndipo m'mutu mwawo amaona mitambo yotsika. Sindiwadzudzula kwambiri, poti mitambo ya mvula imaonekadi ngati yayandikira pansi, ndiye cholakwacho chimabisala bwino. Mwina zaka zikubwerazi mawu awiriwa adzasungunukira pamodzi, poti chilankhulo sichiima. Koma woonongera mayeso a MSCE sadikira zaka zikubwerazo. Komanso mabuku omwe adalembedwa kale sasintha. Wolemba uja adasankha liwuli pofuna kuti iwe wowerenga uchite nthumanzi, udziwe kuti m'nkhanimo zinthu ziipa posachedwa. Ukawerenga kuti mitambo yatsika, wangomva za nyengo, chenjezo lakudutsa.

Winanso, makamaka anzanga a pamsika, ati, "Ife tikufuna ndalama, za mbiri ya mawu zitipindulira chiyani?" Pepani, imani kaye. Matenda amene adandigwira pakhonde paja, oona liwu lodziwika nkhope n'kuganiza kuti ndalidziwa mtima, ndi omwewo amene amagwetsa anthu pa mapepala a ndalama. "Interest" kusukulu tidaphunzira kuti ndi chidwi, koma pa fomu ya ngongole ndi chiwongoladzanja. "Fine" tidazolowera kuti ndi "ndili bwino", koma pa kalata ya khonsolo ndi chindapusa. "Duty" ndi udindo, koma pa chipata cha Mwanza kapena Songwe ndi msonkho. Mwana wanu akabwera ndi lipoti lolembedwa "outstanding" mumamuphera nkhuku, koma liwu lomwelo likabwera pa kalata ya okongoza ndalama ndiye kuti muli ndi ngongole yosabweza, ndipo akubwera kudzanyamula firiji. Ine amene ndimawerengera anzanga mapepala otere ndidadzifunsa usiku uja kuti, kodi ndi angati ndidawamasulira molimba mtima ngati momwe ndidachitira ndi mphwanga? Tulo sitidabwere msanga.

Ndipo tisamaone ngati ndi Chingerezi chokha chili ndi misampha yotere. Lembani pa pepala kuti "mtengo wa mango" mupatse mlendo amene akuphunzira Chichewa. Adziwa bwanji ngati mukunena chomera chija chili kuseri kwa nyumba kapena ndalama zogulira mulu umodzi? Ife timasiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu ndi nkhani yomwe ikukambidwa, mwinanso osazindikira kuti tikutero. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona ndi chimodzimodzi. Ngati timatha kusamala ndi zathuzi, tilekerenji kusamala ndi za eni?

Kwa inu ana asukulu, langizo langa ndi lapafupi. Mukatsegula dikishonale musamathamangire tanthauzo loyamba n'kutseka. Onani ngati liwulo lalembedwa kawiri, lina ndi kanambala 1, lina ndi kanambala 2, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro choti ndi mawu awiri osiyana. Onani katchulidwe. Ngati dikishonaleyo ili ndi kamzere kofotokoza komwe liwu lidachokera, kawerengeni, poti nthawi zambiri m'menemo ndi momwe muli chithunzi chokuthandizani kukumbukira. Masiku ano ambiri muli ndi mafoni a intaneti, ndipo madikishonale ena amatchula liwu mokweza ukangodina. Bandulo imene mumathera pa mavidiyo oseketsa ingakwanire mawu ambirimbiri. Mukatero dzifunseni kuti, kodi agogo akadanena bwanji zimenezi m'Chichewa? Mukapeza yankho, liwulo ndi lanu mpaka kale.

Musaganize kuti ntchito yofufuza mawu ndi ya anthu obadwira m'mabanja a mabwana. James Murray, yemwe adatsogolera ntchito yolemba Oxford English Dictionary kuyambira mu 1879, adali mwana wa munthu wogulitsa nsalu m'mudzi wa Denholm ku Scotland, ndipo sukulu adalekeza ali ndi zaka 14 kamba kosowa fizi. Anthu wamba ambirimbiri ankamutumizira timapepala tolembapo mawu omwe awapeza m'mabuku, ndi chaka chomwe bukulo lidatuluka. Iye adamwalira mu 1915 ntchito isadathe, ndipo dikishonaleyo idamalizidwa mu 1928. N'chifukwa cha khama lotere kuti lero ine wa ku Ndirande nditha kudziwa zomwe liwu linkatanthauza zaka 700 zapitazo. Kwathu kuno David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo a Centre for Language Studies a Yunivesite ya Malawi adatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha mu 2000. Ndi chiyambi chabwino, koma mawu a zanyengo omwe ali m'kamwa mwa agogo athu, a asodzi a ku Nkhotakota ndi alimi a ku Ntchisi, ndani akuwalemba? Nkhalamba zikutha, ndipo zikupita nawo.

Kwa ife akuluakulu odzitcha ophunzira, mawu anga ndi owawa pang'ono. Tili ndi matenda oopa kunena kuti "sindikudziwa", makamaka pamaso pa ana ndi pamaso pa anthu amene amatiyesa anzeru. Timaona ngati ulemu wathu uthera pomwepo. Chonsecho pakhonde paja ndikadangoti, "Mphwanga, tatenga dikishonale pa kabatipo tione limodzi," mwanayo akadaphunzira zinthu ziwiri, liwulo ndi khalidwe lofufuza. M'malo mwake ndidamupatsa bodza lokutidwa bwino, iye n'kukalisenza mpaka m'kalasi pokhulupirira amalume ake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choipa kwambiri n'chakuti phula langalo adadya ndi mwana wosalakwa.

Ndidamupepesa mphwangayo, ngakhale kuti pa chikhalidwe chathu malume kupepesa mphwake ndi nkhani yovuta kumeza. Ndidapitanso kwa anyamata a mabuku aja mu Limbe n'kumugulira dikishonale yakeyake, yong'ambika chikuto koma masamba onse alimo. Tsopano akapeza liwu lachilendo amayamba wafufuza, kenaka n'kubwera kudzandiyesa dala, ndipo kawiri konse wandigwetsa. Mayi anga titawafotokozera nkhani yonse, kuti liwu lawo lija ndi lomwe lili m'mabuku a Shakespeare, sadaonetse kudabwa. Adangoti, "Nanga Azunguwo kwawo mvula siigwa?" n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Dzinja likubwerali, mukadzaona kumwamba kwada bii cha kumapiri, mphepo yaima, mavenda ayamba kukokera mapepala apulasitiki pa katundu, mudzakumbukire kuti Mngerezi amati "lowering", kuyamba ndi "la" wa kulawa. Ndipo mwana akadzakufunsani liwu lomwe simukulidziwa bwino, chonde musadzachite zomwe ndidachita ine. Wakutsina khutu ndi mnansi.